Kachisi Sathawa, Koma Amadontha

Ndinanyamula manyumwa awiri ndi paketi ya tiyi n'kupita kwa aphunzitsi a Kunlin. Ndinawapeza pakhonde akupera inki pakamwala, magalasi atatsikira kunsonga kwa mphuno.

"Masitepe a kachisi sakwera munthu wopanda nkhani," anatero asanayang'ane n'komwe manyumwawo. "Zaka zisanu ndi chimodzi uli mtengwa m'mudzi muno, Rao Suying, pakhomo panga umangodutsa panjinga yamoto ngati ndimaweta galu wolusa. Khala pansi. Wadzera chiyani?"

Sindinakane, ankanena zoona. Iwowa anandiphunzitsa kusukulu ya kwathu kutsidya la mtsinje mpaka ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Chaka chimenecho amayi anadwala, ine ndinasiya sukulu n'kuyamba kunyamulira matailosi bambo anga, amene ankakonza madenga. Kuyambira pamenepo ndinkawazemba aphunzitsiwa. Munthu amene anakuuza kuti udzafika patali sufuna akuone uli ndi dothi m'zikhadabo.

"Ndadzera buku," ndinatero.

Buku la mayina a fuko la a Diao, fuko limene ndinakwatiwako, amalilemba mwatsopano pakatha zaka makumi atatu, ndipo chaka chake chinali chimenechi. Wogwira burashi yolembera anali aphunzitsiwa. Tsiku lakhumi ndi chiwiri la mwezi woyamba, ana aamuna amawapachikira nyali m'holo ya makolo, mayina awo atalembedwa kale m'buku chaka chakale chisanathe, pansi pa dzina la bambo wawo. Ine mwana wanga ndi mmodzi, Yutong, timamutcha Tongtong, wamkazi, wazaka zisanu. Pobereka iyeyu ndinatsala pang'ono kutsikira kuli chete, ndipo madokotala anandichotsa chiberekero. Wina sadzabwera. Tsono akuluakulu anagwirizana kuti pansi pa dzina la mwamuna wanga Hanbo alembepo mwana wamwamuna wachiwiri wa mkulu wake, kuti mzere usaduke. Mwanayo ndilibe naye chifukwa. Koma amene ali m'buku ndi amene amaitanidwa pokambirana za munda wa manyumwa wa kuphiri, ndi amenenso amasesa manda. Ndinkamuona Tongtong atakula, ataima pamunda umene ndaulima ine ndi manja awa, akupempha chilolezo kwa mwana wa alamu anga.

Aphunzitsi anandithirira tiyi. "Mafuko ena ayamba kulemba ana aakazi, ndaziona ndi maso. Koma ine ndine dzanja chabe, mutu ndi Achitatu, mkulu wa fuko. Wasenza mutu wa nkhumba wansembe, mwana wanga, koma khomo la kachisi sunalipeze."

"Nanga khomolo lili kuti?"

"Ndikanalidziwa ndikanakulozera. Usiye nyumwa limodzi, linalo upite nalo kwa iwowo."

Achitatu ndi mng'ono wa malemu agogo ake a Hanbo, ndipo tonse timawatcha choncho poti anabadwa achitatu. Si munthu wankhanza. Amaweta abakha, ndipo m'thumba mwawo simusowa switi ya Tongtong. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akupukuta matope kumapazi.

"Mtengwa, mwana wamkazi adzakwatiwa, adzalowa m'buku la eni ake. Munthu mmodzi mabuku awiri? Si kuti sitimukonda." Anandipatsa mazira a abakha asanu ndi limodzi okulunga m'nyuzipepala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apongozi anga aakazi anamva ine ndisanafike kunyumba. Ndinawapeza akupakira nyama m'tofu, chakudya cha soya.

"Chaka chonse sufukiza lubani, lero zathina ndiye ukukumbatira mapazi a Buda," anatero osatukula mutu. "M'holomo unalowamo kangati, kupatula tsiku la ukwati wako?"

"Amayi, m'holomo akazi timalowamo ndi tsache."

"Ndiye ukalowe ndi tsachelo. Loweruka tikusesa."

Hanbo amagwira ntchito pafakitale ya mipando mumzinda wa Dongguan. Ndinamuimbira nthawi ya nkhomaliro, ndikumva mbale zachitsulo zikugundana kumbuyo kwake.

"Ndi pepala chabe, Suying. Tongtong adzaphunzira, adzakhala m'tauni. Buku la agogo adzalitani?"

"Inunso munkati mudzakhala m'tauni, bambo a Tongtong. Zaka khumi mukugona pabedi losanja ndi amuna asanu ndi awiri m'chipinda."

Anaseka. "Pakamwa pako. Mmonke amathawa, kachisi sathawa. Tidzakambirana ndikabwera."

Iye ankatanthauza kuti nkhaniyo idikira. Koma akanabwera kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chithe, inki itauma kale.

Miyambi imeneyi ine simandifika pamtima. Yonse ndi ya akachisi, maholo, nyumba zachifumu, ndipo oinena ndi anthu amene nyumbazo anangoziona atagwada pansi. Bambo anga ankati holo iliyonse, kaya ya makolo kaya ya mfumu, ukaiona kuchokera pamwamba ndi mitanda, mapaso ndi dothi lootcha. Ndinkaganiza kuti amangonyoza. Pano ndikuona kuti kumeneko kunali kulemekeza kwawo, chifukwa ankadziwa pamene nyumba imamva kupweteka.

Sabata imeneyo kunagwa mvumbi wozizira wosatherapo. Loweruka titalowa m'holo ndi matsache, tinapeza mabeseni ndi zidebe zili mbwee pansi. Ndinawerenga khumi ndi chimodzi. Choipa kwambiri chinali kumapeto, kumene kumakhala timatabwa ta mayina a makolo, tosanjikizana ngati masitepe. Madzi ankadonthera pamzere wapamwamba, wa akale kwambiri, ndipo utoto wagolide wa zilembo unali utayamba kuyenderera. Achitatu anali ataimirira pampando, atagwira ambulera pamwamba pa kathabwa ka kholo loyamba. Aphunzitsi anali atakokera bokosi la buku pakona youma n'kulikhalira.

"Kontirakita akuti abwera zikondwerero za chaka chatsopano zikatha," Achitatu ankauza aphunzitsi. "Akutinso agwetsa zonse, aikepo matailosi apulasitiki."

"Makolo adzagona ngati nkhuku za m'khola lamakono," anatero aphunzitsi.

Ine ndinali nditayang'ana kumwamba. Matailosi athu akale sawamata ndi simenti. Amangogonerana, ena chagada ena chafufumimba, n'kumagwirana ndi kulemera kwawo. Zaka zikamapita, mphepo ndi amphaka zimawatsetsereza pang'onopang'ono. Ntchito yake ndi kuwanyamula mzere ndi mzere, kusesa, kuchotsa osweka, n'kuwayalanso. Timati kutembenuza denga. Ndinaona kuwala m'malo anayi, ndinaonanso kuti ngalande ya pamene madenga awiri amakumana yatsekeka, mwina ndi masamba a nsungwi. Mapaso anali akadali abwino. Akanangokhala onyowa mpaka mvula yeniyeni ya mwezi wachitatu, basi, akanavunda.

"Denga ili silinafe," ndinatero. "Likungofuna kutembenuza. Masiku atatu."

Achitatu anandiyang'ana kuchokera pampando paja. "Zoona, malemu bambo ako anali mmisiri. Sanasiye wophunzira?"

"Anasiya mmodzi."

"Ali kuti? Muimbire."

"Ali pano, Agogo, wagwira tsache."

Amayi anzanga anaseka. Aphunzitsi anavula magalasi. "Chigumula chakokolola kachisi wa mwini madzi," anatero. "Pachibale osazindikirana."

Achitatu sanaseke. "Mapazi a mkazi pamwamba pa mitu ya makolo? Ayi, mtengwa. Chimenecho sindinachionepo, ndipo sindikufuna kukachifotokoza ndikakafika kumene kuli iwowo."

"Nanga madziwo ali pamwamba pa chiyani?" apongozi anga anang'ung'udza, akufinya chikolopa. Ndinadabwa kuti mawuwo achokera kwa iwo.

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma. "Agogo, bambo anga sankakwera denga la holo makolo ali mkati. Ankati kaya la mwamuna kaya la mkazi, phazi ndi phazi. Kontirakita wanuyo akanaponda pamitu pomwepo ndi majombo. Mumafukiza lubani, mumawapempha kuti atuluke kwa masiku angapo, mumawafunditsa nsalu yofiira n'kuwanyamula kupita nawo kuchipinda cham'mbali. Akatuluka, holo imatsala nyumba chabe. Ntchito ikatha mumakawatenga ndi makombola."

Achitatu anatembenukira kwa aphunzitsi. "Kunlin, zimenezi zilimo m'buku?"

"Zilimo. Anachita choncho chaka chimene mphepo inasasula mbali ya kum'mawa. Inu munali kuntchito ya njanji. Amene ananyamula nthawi imeneyo onse tsopano ali pamatabwapo."

Nkhalambayo inatsika pampando, mwendo umodzi kenako wina. Inapinda ambulera n'kuyang'ana dontho likugwera pa kholo loyamba, kenako lina, kenako lina.

"Kapezeni nsalu yofiira," inatero.

Tikutuluka, apongozi anandikoka dzanja. "Khomo la kachisi lija ndi limeneli," anandinong'oneza. "Uwauze kuti sukwera asanalembe mwana."

Ndisaname, ndinaziganizira njira yonse mpaka kunyumba. Koma bambo anga anali ndi lamulo lakuti madzi akamalowa m'nyumba sukambirana ndi mwini nyumba, umayamba watseka. Komanso ndinkawadziwa anthu a m'mudzi muno. Dzina lolembedwa atapanidwa pakhosi akanalinena kwa zaka makumi atatu, ndipo amene akanamva manenedwewo ndi Tongtong, osati ine. Malangizo a apongozi sindinawatsate.

Timatabwa tinalipo zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu. Amuna otsala m'mudzi analipo asanu ndi anayi, wamng'ono pa onse ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi nyamakazi m'mawondo. Anayamba okha, koma atanyamula makumi awiri anakhala pansi akupuma wefuwefu. Palibe amene analamula. Apongozi anga anangosamba m'manja, n'kutenga nsalu, n'kunyamula kathabwa ka apongozi awo. Tonse tinatsatira, ndi ana omwe. Tongtong anapatsidwa kakang'ono, anakagwira ndi manja awiri ngati dzira.

"Amayi, uyu ndi ndani? Ndi wopepuka."

Anayankha ndi Achitatu, amene anali pakhomo ndi lubani. "Ndi agogo a agogo ako. Yenda bwino, usawagwetse."

Ndinamva kuti anati ako. Mwina iwo eni sanadzimve.

Mvula inakata Lachiwiri. Ndinamanga tsitsi, ndinavala nsapato zansalu, n'kutsamiritsa makwerero ansungwi. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndisanakwere denga, koma mapazi sanaiwale. Umaponda pamene pansi pali phaso, umayenda chonyonyomala, ndipo suyang'ana anthu a pansi, chifukwa nkhope zawo zimakupatsa mantha awo. M'ngalande muja ndinachotsa madengu asanu a masamba owola, chisa cha mbalame, ndi mpira wamanja wa mwana wina amene panopo mwina ali ndi ana ake. Matailosi osweka ndinawasintha ndi akale a pakhola la nkhumba limene linagwa kuseri kwa nyumba ya apongozi. Achitatu atamva kumene achokera anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Dothi lootcha likatsukidwa silikumbukira nkhumba.

Tsiku lachiwiri ndinavundukula pamwamba pa mtanda waukulu, umene amapachikapo nyali. Mbedza zachitsulo zinalipo zisanu ndi imodzi, ziwiri zitadyeka ndi dzimbiri. Ndinatsika, ndinakagula zitatu. Ziwiri ndinasintha, yachitatu ndinaikhomera kumapeto kwa mzere. Sindinauze munthu.

Aphunzitsi ankakhala tsiku lonse pansi pa makwerero, akutsuka matailosi m'beseni ndi burashi yochapira. Masana ndinatsika, tinakhala pamwala wa pakhomo tikudya mpunga ndi masamba a mpiru owawasa.

"Ukukumbukira zimene ndinakulembera m'kope lako lomaliza?" anafunsa.

"Munati ndalowa m'holo, ndatsala kulowa m'chipinda chamkati cha maphunziro."

"Sindinalemberepo wina mawu amenewo." Anatakasa mpunga wawo ndi timitengo todyera, osadya. "Utasiya sukulu ndinakuona tsiku lina, padenga la sitolo ija yoyang'anana ndi kalasi, utasenza matailosi. Ndinatseka zenera. Ndinkadziuza kuti ndikukubisira manyazi kwa anzako. Koma manyaziwo anali anga. Ndikanapita kwa bambo ako, ndikanayesako kanthu. Sindinapite."

Kwa zaka zonsezi ndinkaganiza kuti wozemba ndine ndekha.

"Ndinakuonani," ndinatero. "Zenera lija linali lopindika, munalimbana nalo nthawi yaitali. Idyani, Aphunzitsi, matailosi akudikira."

Ndinamaliza Lachinayi dzuwa litapendeka. Lachisanu m'mawa tinabweza makolo ndi makombola, utsi uli tolotolo, aliyense pamalo pake monga aphunzitsi ankawerengera. Masana mvula inabweranso. Palibe amene anapita kwawo. Tinakhala pamabenchi tonse, nkhope kumwamba ngati abakha a Achitatu, tikumvetsera. Madzi ankaimba m'ngalande n'kutsikira m'bwalo lamkati, kumene amayenera kutsikira. Mabeseni anali ouma.

Achitatu anandiitana patebulo la akuluakulu. Anatenga ketulo n'kundithirira tiyi iwo eni. Ndinagogoda zala ziwiri patebulo kuthokoza.

"Dengali likhala zaka zingati?" anafunsa.

"Zisanu ndi chimodzi, zikachuluka zisanu ndi ziwiri. Kenako kutembenuzanso. Ngalande yokha ndi chaka chilichonse, nsungwi zikayoyola."

"Iwe ukadzakalamba?"

"Muli ndi anyamata ambiri m'bukumo, Agogo."

"Usandiseke, mtengwa. Ali ku Dongguan, ku Shenzhen. Amabwera masiku asanu ndi nsapato zoterera."

"Mumati mmonke amathawa, kachisi sathawa. Amonke anathawadi, ndipo sindiwadzudzula, wanga ali konko. Kachisi sanathawe. Koma amadontha."

Anatembenuza kapu yawo patebulo. Panja Tongtong ankayenda pamwamba pa kampanda ka bwalo, manja atatambasula, mvula ikumunyowetsa, apongozi akumukalipira kuti atsike.

"Uyo ungamuphunzitse?"

"Ndingathe. Ali ndi mapazi abwino, saopa pamwamba. Koma mundimvetse, Agogo. Ine bambo anandiphunzitsa kuti ndidye. Iye adzadya za sukulu, sadzasiya ngati ine, ngakhale zitanthauze kuti ndikwere madenga onse a chigwa chino. Akadzakwera denga ili, adzakwera chifukwa ndi lake. Mlendo sachoka kutauni kudzasesa ngalande ya eni ake."

Anamwa tiyi, anatenga ambulera, anati abakha sanadye.

Panapita masiku anayi. Ndinachapa makatani, ndinapachika masoseji padzuwa, ndinamata mapepala ofiira pakhomo. Ndinadziuza kuti denga ndakonza, zinazo si zanga. Sindinadzikhulupirire. Tsiku lachisanu aphunzitsi anaima pampanda n'kundiitana kuti ndipite kuholo, ndisambe kaye m'manja.

Buku linali litatsegulidwa patebulo, Achitatu atakhala pambali.

"Takambirana," anatero. "Mwana wa alamu ako akhala pansi pa bambo wake. Pansi pa Hanbo tilemba Yutong. Akadzakwatiwa, za mabuku awirizo adzaziona amene adzakhalepo. Koma nyali ayi. Buku limakhala m'bokosi, nyali amaiona a midzi ina. Ndakalamba, mtengwa, sindingasenze zonse ziwiri chaka chimodzi."

Ndinaganiza mwachangu, monga ndimachitira pamsika. Nyali ndi pepala ndi nsungwi, mwezi usanathe imakhala itathethuka mtundu. Buku ndi zaka makumi atatu.

"Ndamva, Agogo. Zikomo."

"Gwira tsambalo," anatero aphunzitsi. "Pepala ili limapindika kukakhala chinyezi."

Ndinaligwira ndi zala zanga zong'ambika ndi matailosi. Anaviika burashi, anapuma, n'kujambula kamzere kofiira kutsika kuchokera pa dzina la Hanbo. Kenako inki yakuda, zilembo ziwiri. Ndinaziwerenga chamumtima, ndipo ndinaona kuti ndi zolondola.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri holo inadzaza. Magalimoto a kutauni anatsekereza msewu, makombola anagonthetsa makutu, mowa wampunga unkawira m'mitsuko. Nyali zinali zisanu ndi imodzi chaka chimenecho, za ana aamuna obadwira m'matauni, ndipo anazikweza imodzi imodzi ndi zingwe zofiira. Hanbo anali atasenza Tongtong pamapewa kuti aone. Mwanayo anawerenga nyali mokweza mawu, kenako analoza kumapeto kwa mtanda.

"Amayi, mbedza iyo ilibe nyali. Ndi ya ndani?"

"Ndi yosungira," ndinatero. "Mbedza imafunika ikhalepo yapadera."

Achitatu anali pafupi, atagwira lubani. Anakweza mutu, anaiyang'ana mbedzayo, yatsopano, yowala kuposa zinzake, kenako anandiyang'ana ine. Ndinadikira kuti alamule wina akaizule. Anangopisa dzanja m'thumba, anatulutsa switi n'kumupatsa Tongtong.

Mbedzayo ikadalipo. Mwezi wachinayi nsungwi zitayoyola, tinawapemphanso makolo kuti atuluke tsiku limodzi, ndipo ndinakwera kukasesa ngalande. Ndisanachotse makwerero ndinalowa nawo mkati n'kuipaka mafuta kuti isachite dzimbiri.